Musadikire kuti thupi likuuzeni

Ana anga a kuno ku Phalombe, inu a ku Migowi, ku Chiringa, ku Mpasa, kwa Nkhulambe ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mukamva pa wailesi kuti akuluakulu a zaumoyo akumana ku Geneva kukambirana za matenda opatsirana pogonana, ambiri mumangosintha siteshoni. Mumati imeneyo ndi nkhani ya mabwana ovala masuti, ife yathu ndi mtengo wa nandolo ndi wa feteleza. Pamenepo ndikufuna ndikutsutseni. Zambiri zimene dziko lapansi likuchita lero poyeza ndi kupewa matendawa zinaphunziridwa kuno ku Malawi, ndipo amene anaziphunzitsa sanali madokotala okha. Anali amayi oyembekezera a m'midzi, achinyamata a mumzinda wa Blantyre ndi mabanja a ku Lilongwe, anthu wamba amene anavomera kuyezedwa asanadwale. Mfundo za ku Geneva zimakhala pepala chabe mpaka tsiku limene munthu mmodzi watambasula chala chake kuti chibayidwe. N'chifukwa chake malangizo anga ndi amodzi: kuyezetsa chikhale chizolowezi chanu thupi lisanayambe kudandaula, muziyezetsa matenda onse osati HIV yokha, ndipo muzipita awiri.

Ndiyambe ndi yankho limene limatuluka msanga pakamwa pa wachinyamata aliyense: ine ndili bwinobwino, sindikumva paliponse kupweteka, ndikayezetse chiyani? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 chokha anthu a zaka 15 mpaka 49 anatenga matenda anayi ochizika maulendo okwana 374 miliyoni. Matendawo ndi chindoko, chinzonono, chlamydia ndi trichomoniasis, amene kwathu kuno ambiri amangowaphatikiza ndi mauka. Ndiye kuti tsiku lililonse anthu oposa miliyoni imodzi amatenga matendawa, ndipo ambiri mwa iwo saona chizindikiro chilichonse. Taonani mmene chindoko chimayendera. Patapita masabata pafupifupi atatu munthu atagonana ndi amene ali nacho, kumalo obisika kumatuluka kachilonda kosapweteka. Kachilondako kamapola kokha, munthu n'kumati wachira, kapena n'kumayamikira muzu umene anamwa. Kenako pamabwera totupa m'zikhatho ndi kumapazi, natonso n'kutha tokha. Zikatero matenda amakhala chete m'magazi kwa zaka zambiri, uku akuwononga mtima, maso ndi ubongo, ndipo mwa mayi woyembekezera amalowa mwa mwana ali m'mimba. Chinzonono ndi chlamydia nazonso zimakonda kubisala, makamaka mwa akazi. Mnyamata mwina amva kuotcha pokodza n'kuona mafinya, koma mtsikana amatha kukhala miyezi osamva kanthu pamene machubu a chiberekero akutsekeka. Pakapita zaka, banja likakhala lopanda mphatso ya mwana, apongozi amayamba kuloza mkazi chala, ena kufunafuna mfiti, pomwe vuto linali loti likanatha ndi mankhwala a masiku ochepa. Makolo athu ankati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Maonekedwe a munthu, kunenepa kwake, ngakhale khalidwe lake labwino la lero, sizingakuuzeni zimene zili m'magazi mwake.

Matenda amenewa sayenda okha, amatsegulira njira HIV, ndipo umboni wina wa zimenezi unapezeka kwathu konkuno. Mu 1997 ofufuza a ku Lilongwe, mogwirizana ndi University of North Carolina, anafalitsa zimene anapeza pakati pa amuna omwe anali ndi HIV. Amene analinso ndi matenda otulutsa mafinya kunjira ya mkodzo anali ndi kachirombo kochuluka kasanu ndi katatu mu umuna wawo poyerekeza ndi anzawo, ndipo atawachiza matendawo kachirombo kanatsika. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, ku Mwanza m'dziko la Tanzania, kuchiza bwino matenda opatsirana pogonana m'zipatala zazing'ono kunachepetsa chiwerengero cha anthu otenga HIV ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse. Nkhaniyi ikutikhudza ife kuposa ambiri. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti m'dziko muno anthu 8.8 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi HIV, koma m'chigawo chakummwera anali 12.8, ndipo kwa anansi athu a ku Mulanje, boma limene Phalombe inatulukamo mu 1998, anali munthu mmodzi mwa asanu alionse. Nafenso tinali pamwamba ndithu pa chiwerengero cha dziko lonse. Zifukwa zake mukuzidziwa: asodzi okhala miyezi kunyanja kutali ndi mabanja awo, amayi ogula nsomba amene nthawi zina amakakamizika kulipira ndi thupi, ochita malonda odutsa malire a Mozambique, amuna opita kukasaka ganyu ku Blantyre ndi ku Joni, atsikana osiya sukulu chifukwa cha umphawi. Munthu wokhala pamalo otere sangamadalire mwayi.

Ena mwa inu amati zonsezi ndi mapulogalamu a azungu, amabwera nawo okha n'kuwachotsanso okha. Mbiri siikugwirizana nawo. Mu 2010 malangizo a WHO ankati mayi woyembekezera amene ali ndi HIV ayambe wayezedwa chitetezo cha m'thupi, chija amati CD4, kuti zidziwike ngati ayenera kuyamba kumwa ma ARV moyo wake wonse. Kuno kwathu makina oyezera CD4 anali m'zipatala zowerengeka, ndipo mayi wa kumudzi ankabereka zotsatira zisanabwere. Akatswiri a mu Unduna wa Zaumoyo, pakati pawo Dr Frank Chimbwandira, anaona kuti njira yolembedwa ku Geneva siingagwire ntchito pachipatala chopanda magetsi. Anakonza yawo: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachirombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo, osadikira CD4, ndipo asawasiyenso. Njirayi, yotchedwa Option B+, inayamba mu July 2011, akatswiri ena a kunja akukayikira. Pa miyezi itatu yomaliza isanayambe, amayi otere amene anayamba ma ARV anali 1,257. Pa miyezi itatu ya July mpaka September 2012 anali 10,663. Mu 2013 WHO inaika njirayi m'malangizo ake, mayiko ambiri anatsatira, ndipo mu 2015 inalangiza kuti aliyense wopezeka ndi HIV ayambe mankhwala posatengera CD4. Ganizo limeneli linachokera ku Lilongwe, koma limene linalipatsa mphamvu ndi khamu la amayi amene anayenda mitunda kupita kusikelo n'kuvomera kubayidwa chala.

Chimodzimodzi ndi kudziyeza wekha. Kale akatswiri ankaopa kuti munthu akadziyeza yekha adzalakwitsa, kapena adzadzipweteka akaona zotsatira. Mu 2010 ofufuza a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome Trust ku Blantyre, pakati pawo Augustine Choko ndi Liz Corbett, anapereka zipangizo zodziyezera kwa anthu m'makomo mwawo. Oposa 90 pa 100 alionse anasankha kudziyeza, ndipo pafupifupi onse anawerenga zotsatira molondola. Mu 2015 ntchitoyi inakulitsidwa ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo kumapeto kwa 2016 WHO inavomereza kudziyeza wekha padziko lonse. Kachipangizoko n'kosavuta. Mumatenga kamtengo kokhala ndi kansonga kophwatalala, n'kukapititsa kamodzi pa nkhama zam'mwamba, kamodzinso pa zam'munsi, kenako n'kukaviika m'kabotolo ka timadzi tomwe timabwera nako. Mukadikira mphindi 20 mumawerenga. Mzere umodzi ndiye kuti kachirombo sikanaoneke. Mizere iwiri ndiye kuti mupite kuchipatala akatsimikize ndi magazi, chifukwa kachipangizoka kokha sikagamula. Onjezani apa kafukufuku wa HPTN 052, amene mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre anatengamo mbali pamodzi ndi a mayiko ena, ndipo mu 2011 anasonyeza kuti munthu akayamba ma ARV msanga, mpata wopatsira mnzake kachirombo umatsika ndi 96 pa 100. Pofika 2020 mpaka 2021, mwa akuluakulu 100 alionse omwe anali ndi HIV m'dziko muno, 88 ankadziwa, mwa odziwawo 98 anali pamankhwala, ndipo mwa omwa mankhwala 97 kachirombo kanali katagonja m'magazi. Mayiko ambiri olemera kutiposa sanafike pamenepo. Ndimanyadira zimenezi, ndipo inunso muyenera kuzinyadira.

Koma kupambana pa HIV kwatichititsa kuiwala matenda enawo, ndipo apa m'pamene pali ntchito ya m'badwo wanu. Wachinyamata akati ndayezetsa, nthawi zambiri akutanthauza HIV yokha, n'kumaganiza kuti wayera mbali zonse. Chindoko cha mayi woyembekezera ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zochititsa ana kubadwa atafa kale padziko lonse. WHO inawerengera kuti mu 2016 ana oposa 200,000 anafera m'mimba kapena atangobadwa chifukwa cha matendawa. Chomvetsa chisoni n'choti mankhwala ake ndi akale ndiponso otsika mtengo, jakisoni wa benzathine penicillin, amene amapulumutsa mwana ngati mayi wabayidwa mimba ikadali yaing'ono. Mu 2019 WHO inalangiza kuti kusikelo kuzigwiritsidwa ntchito kachipangizo kamodzi koyeza HIV ndi chindoko pa dontho limodzi la magazi. Dziko la Cuba linatsimikiziridwa mu 2015 kuti lathetsa kupatsira ana matenda awiriwa kuchokera kwa amayi awo, ndipo Cuba si dziko lolemera. Choncho mwana wanga wamkazi, ukangozindikira kuti waima, yamba sikelo miyezi itatu isanathe, osadikira kuti mimba ioneke poopa maso a anthu. Funsa anamwino ngati akuyeza chindoko, ndipo uonetsetse kuti zalembedwa m'buku lako la kuchipatala. Nawe mwana wanga wamwamuna, kusikelo si kwa amayi okha. Mkazi wako akabayidwa jakisoni iwe osabayidwa, ukhoza kudzamupatsiranso matendawo, ndipo amene adzalipire ndi mwana wako.

Tsopano nkhani ya manyazi, imene sindiitenga mopepuka. M'mudzi anthu amadziwana. Mlangizi wa zaumoyo ndi mnansi wa amalume anu, amene ali pamzere kutsogolo kwanu amapemphera ndi amayi anu, ndipo mukuopa kuti mawa nkhani ikhala ili pachitsime. Mantha amenewa ali ndi maziko, chifukwa anthu osasunga pakamwa alipo pantchito iliyonse. Koma dziwani ufulu wanu. Lamulo la dziko lino lokhudza HIV ndi Edzi, limene aphungu anavomereza mu 2017, limaletsa kuulula zotsatira za munthu popanda chilolezo chake, ndipo wazaka 13 kupita m'tsogolo akhoza kuyezetsa HIV osadikira chilolezo cha makolo. Ngati chipatala chapafupi chikukuchititsani manyazi, kwerani njinga mupite china. Pali chipatala chachikulu cha boma ku Migowi chomwe chinatsegulidwa mu 2022, pali Holy Family, palinso zipatala zazing'ono m'madera a mafumu athu, ndipo zambiri zili ndi tsiku kapena chipinda cha achinyamata. Yesani kuika zinthu ziwirizi pamodzi: manyazi a ola limodzi pabenchi, ndi zaka za banja lopanda mwana kapena maliro a khanda. Amene akukusekani pamzerepo nayenso wabwera ndi lake vuto.

Chovuta kwambiri ndi kuuza mnzako. Ambiri amachizidwa mwakachetechete, kapepala koitanira bwenzi kapena mkazi wawo n'kukataya panjira. Nazonso izi zinafufuzidwa ku Lilongwe, m'zipatala za Kamuzu Central ndi Bwaila, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2011. Anthu opezeka ndi HIV akangouzidwa kuti akauze okha anzawo ogonana nawo, anzawo amene anabwera kudzayezetsa anali 24 pa 100 alionse. Koma pamene azaumoyo anathandizapo, kuwafikira anthuwo mwachinsinsi osatchula dzina la amene wawatchula, anabwera 51 pa 100. WHO inatenganso njirayi mu 2016. Tanthauzo lake kwa inu n'loti simuli nokha. Ngati pakamwa pakulemera, uzani anamwino kapena aphungu a pachipatala akuthandizeni. Ndikudziwa kuti pali akazi amene akanena nkhani yotere kunyumba amamenyedwa kapena kusiyidwa ndi ana. Kwa iwo sindinganene kuti kaululeni basi. Auzeni azaumoyo za mantha anuwo poyamba, chifukwa njirayi siyenera kuika moyo wa munthu pachiswe. Koma kwa anyamata ndilankhula mosapsatira mawu. Mkazi amene wakuuza kuti wapezeka ndi matenda wakuchitira chifundo. Chindoko ndi HIV zimakhala zaka m'thupi, kotero funso loti wabweretsa ndani nthawi zambiri lilibe yankho, ndipo kawirikawiri wofunsayo ndi amene anayenera kuyamba kudzifunsa. Kwathu kuno mwamuna amakhala chikamwini pakhomo la akazi, pakati pa apongozi ndi alamu ake, ndiye ulemu umene amafuna pamudzipo auonetse poperekeza mkazi wake kuchipatala.

Wina anena kuti kuchipatala sayeza n'komwe, amangofunsa mafunso n'kupereka mankhwala, mwinanso kukuuza kuti atha ukagule. Mbali ina ndi zoona. Kupatula HIV ndi chindoko, zimene zili ndi zipangizo zoyezera msanga, matenda monga chinzonono ndi chlamydia amachizidwa potengera zizindikiro, chifukwa makina owayezera ndi okwera mtengo. Imeneyi ndi mbali imene atsogoleri a zaumoyo padziko lonse atsalira, ndipo tiyenera kunena poyera kuti atsikana ambiri opanda zizindikiro akuphonyedwa. Koma yankho lake si makapusozi a pagolosale kapena a wogulitsa pamsika. Amene amafunsa mafunso kuchipatala akutsatira ndondomeko yoyesedwa, yopereka mankhwala ophatikiza oyenera pa mlingo woyenera. Kumwa makapusozi awiri lero, atatu mawa, n'kusiya mafinya akaleka, ndiko kumaphunzitsa tizirombo kupirira mankhwala. Chinzonono chagonjetsa kale mankhwala angapo, kuphatikizapo penicillin ndi ciprofloxacin. Kuno ku Malawi tinadalira jakisoni wa gentamicin kuyambira 1993, koma kafukufuku wa ku Lilongwe wofalitsidwa mu 2022 anasonyeza kuti sakuchizanso modalirika. Amene dziko lapansi likudalira tsopano ndi ceftriaxone, ndipo m'mayiko ena a ku Asia nayenso wayamba kukanika. Malizani mankhwala onse monga mwauzidwira, musagawane ndi mnzanu, ndipo musagonane mpaka nonse awiri mutamaliza. Za asing'anga ndingonena kuti chilonda cha chindoko chimapola chokha, ndiye muzu uliwonse umaoneka ngati wagwira ntchito.

Akuluakulu anzanga a kumpingo ndi kumudzi amadandaula kuti kulankhula za kuyezetsa ndi makondomu n'kulimbikitsa ana kuchita chiwerewere. Nkhawa yawo ndimailemekeza, ndipo nanenso ndikuti kudziletsa ndi njira yotsimikizika kuposa zonse, kuti sukulu iyambe, ndipo kuti kukhulupirika kwa awiri amene ayezetsa kumamanga banja. Malamulo a dziko lino kuyambira 2017 salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo wamkulu wonyengerera mwana ndi ndalama ndi wolakwa, mwanayo ayi. Koma mimba za atsikana a sukulu zimene timaziona chaka ndi chaka zikutiuza kuti kukhala chete sikunateteze aliyense. Mtsikana wosungika bwino angatenge matenda tsiku la ukwati wake kwa mwamuna amene sanayezetsepo. Kwa amene mwayamba kale zogonana, kondomu ndi chida chokhacho chotchinga matenda ambiri nthawi imodzi, ndipo mawu aja oti switi sadyera m'pepala aika anthu ambiri m'manda. Mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa mpata woti mwamuna atenge HIV ndi pafupifupi 60 pa 100, monga anasonyezera akafukufuku ku South Africa, Kenya ndi Uganda WHO isanauvomereze mu 2007, koma otsalawo ndi 40, osati ziro. Mankhwala a PrEP, operekedwa kwa munthu amene alibe kachirombo, a mapiritsi kapena a jakisoni, amateteza ku HIV yokha, chindoko ndi chinzonono sawadziwa. Palinso kachirombo ka HPV, kopatsirana pogonana, koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi a ku Malawi pa mlingo umene uli m'gulu la yokwera kwambiri padziko lonse. Katemera wake anayesedwa ku Zomba ndi Rumphi mu 2013 ndipo anafalikira dziko lonse mu January 2019 kwa atsikana a zaka 9. Mukamva mphekesera yoti amatseketsa kubereka, itsutseni, ndipo onetsetsani kuti mng'ono wanu kapena mlongo wanu walandira.

Chifukwa chimene ndikukufulumizitsirani ndi ndalama. Ma ARV aulere anayamba m'dziko muno mu 2004 ndi thandizo la Global Fund, ndipo mpaka lero gawo lalikulu kwambiri la ntchito yolimbana ndi HIV limalipiridwa ndi thumba limeneli pamodzi ndi PEPFAR ya boma la America. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri lakunja, bungwe lake la thandizo la USAID linatsekedwa m'chaka chomwecho, ndipo mabungwe ena amene ankayendera midzi, misika ndi madoko anachepetsa ntchito kapena kuisiya. Tinaonanso mu March 2023, namondwe Freddy atagumula misewu ndi milatho mpaka kwa Nkhulambe, mmene chithandizo chimadukira mosayembekezereka. Galimoto yoyezera anthu ija inkabwera pamsika ndi tenti ndi nyimbo mwina siibweranso kawirikawiri, ndiye woyenda ndinu. Yezetsani musanayambe chibwenzi chatsopano, musanalowe m'banja, mimba ikangoyamba, kondomu ikang'ambika, komanso kamodzi pachaka ngati mukugonana. Ngati mwagwiriridwa kapena mwagonana mosadziteteza ndi munthu amene simukumudziwa bwino, fikani kuchipatala maola 72 asanathe kuti mulandire mankhwala oteteza ku HIV. Mukapeza zipangizo zoyezera chindoko kapena jakisoni wake palibe, musangobwerera kunyumba n'kung'ung'udza. Kauzeni a komiti ya chipatala, a khansala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, ndipo akumbutseni kuti mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mayiko a mu Africa, athu omwe, analonjeza kuika 15 pa 100 ya bajeti ya boma ku zaumoyo. Ambiri mwa ovota m'boma lino ndi inu achinyamata, ndipo funso limeneli muli ndi ufulu wolifunsa pamsonkhano uliwonse wa chitukuko.